Kadontho Kofiira Pansi pa Kapu ya a Ndowa

"…matewera, mabotolo, nsapato ya kumanzere yokhayokha, ngakhale mano oikirira. Zonsezi ndimazipeza ine, achemwali. Munthu akhoza kunama kutchalitchi, koma chimbudzi chake sichinama."

Ankayankhula ali m'dzenje la kuseri kwa nyumba yathu, mutu wokha ukuonekera, chinsanza atamanga pamphuno. Ntchentche zobiriwira zinkatera pakhosi pawo, iwo osazipirikitsa n'komwe. Mayi anali atandituma kuti ndikawapatse madzi akumwa. Ndinaika botolo pamwala n'kubwerera chafutambuyo, malovu atadzaza m'kamwa. Zaka zisanu ndi ziwiri zimene ndinakhala kunja kwa dziko lino zinandiiwalitsa kuti zimene timasiya m'chimbudzi pali munthu amene amadzazisenza.

Anthu amawatchula kuti a Ndowa. Galimoto yopopa siingalowe m'tinjira ta kwathu, choncho iwo amatapa zonse ndi ndowa ndi chingwe. Anafika kuno ine ndikadali wakhanda, ndipo mpaka lero palibe amene akudziwa mudzi wawo. Akazi awiri anawathawa. Wachiwiriyo anachoka atamugulula dzino, iwo n'kukakhala kundende zaka ziwiri, ndipo nkhaniyi saikana. Mowa ankauyamba dzuwa lisanatenthe, ati munthu wabwinobwino sangatsike m'dzenje.

Kutchalitchi anafikako chifukwa cha ntchito yomweyo. Chimbudzi cha mpingo chinadzaza, anachigwira Loweruka osachimaliza, ndipo Lamulungu m'mawa akubwerera kudzatenga chingwe chawo, mvula inawathamangitsira pakhonde. M'katimo abusa ankalalikira za Ambuye atamanga nsalu m'chiuno, beseni lili m'manja, akusambitsa mapazi a anthu awo.

"Ndinati, aa, uyu ndi mnzanga wa ntchito," anandiuza ali m'dzenje momwemo. "Bwana wanji wogwira zonyansa za anzake?"

Abusa anatuluka, anawagwira dzanja, nawakhazika pabenchi ya kumbuyo. Anthu a pabenchiyo anasunthira kutsogolo. A Ndowa anaphunzira kalasi chaka chathunthu, anagwa ndi mowa kawiri, anadzuka kawiri, kenaka anabatizidwa. Vuto linabwera pa mgonero.

Timakapu ta mgonero amasunga ndi mayi anga: makumi asanu ndi atatu, tagalasi, tating'ono ngati chala chamanthu, m'kabati ya pabalaza. Sabata yoti a Ndowa adye mgonero woyamba, azakhali anabwera kwathu limodzi ndi mayi wotsogolera kwaya, nakhala pasofa nkhope zili ndwii.

"Ife sitikukana kuti Mulungu wawalandira," anatero azakhali. "Koma Mulungu alibe mphuno."

"Mphuno ali nayo, mlamu," anatero mayi. "Kungoti makapu satsuka ndi iye."

Anaseka mpaka kuombana m'manja. Mayi wa kwaya anatulutsa m'chikwama kabotolo ka kyuteksi wofiira, yemwe anali m'zikhadabo zawo. Anagwirizana kuti kapu imodzi iikidwe kadontho kunsi, izikhala pakona ya thireyi, ndipo mkulu wa mpingo azitembenuza thireyiyo kuti konayo iloze a Ndowa. Ikatha ntchito, izitsukidwa payokha m'chitini, pampope wa panja.

"Maso anga sakuonanso," anatero mayi. "Iwe wa kunja, manja ako sanjenjemera. Tapaka."

Palibe anandikakamiza. Ine yemwe ndinkalira m'chipinda changa kunja kuja anthu akasuntha pampando wa basi ndikakhala pafupi nawo, ndinatenga kaburashi n'kupaka kadontho kozungulira bwino. Ndinakauziranso mpweya kuti kaume msanga. Mumtima ndinkati zikomo, mlomo wanga sudzagunda pamene pagunda wawo.

Zinayenda choncho miyezi inayi. Ndinkakhala kumbali n'kumaonerera mkulu wa mpingo, bambo wa suti yonunkhira mankhwala a njenjete, akuzunguza thireyi mwaluso ngati wogawa makhadi. Pambuyo pake azimayi ankanyamula kakapuko ndi zala ziwiri, mphuno atakwinya, nyimbo ya chisomo ikadali pakamwa.

Lachisanu lina ndinawapeza a Ndowa pamjigo wa kumsika akutsuka chingwe chawo. Anthu odikira kutunga anali ataima patali ndi zidebe. Ndinafuna kudutsa ngati sindinawaone.

"Achemwali! Mukawauze amayi kuti Lamulungu lino asavutike n'chitini chija."

Ndinaima. "Chitini chiti?"

"Musatero inu. Ntchito yanga ndi kuyang'ana pansi pa zinthu. Tsiku loyamba lomwe ndinakaona. Kopaka bwino, ngati diso la nkhunda. Ndinati wopakayu anapita kusukulu."

Iwo anapitiriza kufinya chingwe, madzi akuda akuyenderera kumapazi awo ong'aluka.

"Sindinakwiye ayi. Fungo langa ndimalidziwa, ndimagona nalo. Komatu abusa anandiuza kuti patebulo paja palibe mlendo. Ndiye ndikamwa n'kuona kadonthoko, ndimadzifunsa kuti kodi magazi anga ndi ena, a anthu ndi ena? Bola ndizikhala kumbuyo, ndiziimba nawo. Kutebulo ndasiya."

"Mukanawauza abusa."

"Kuti azimayi achite manyazi? Ine ndimadziwa za m'dzenje la nyumba iliyonse kuno. La akulu a mpingo aja ndinatulutsamo mabotolo ndowa zitatu, ndipo si a mankhwala a chifuwa. Munamva ndikulalikira? Ambuye amene anandikhululukira dzino la mkazi uja sanaitane msonkhano."

Ndinaona suti ija, zala ziwiri zija, ndi dzanja langa likuuzira kadontho mpweya, zonse zikununkha fungo limodzi.

"Bwerani Lamulungu," ndinatero. "Mukalandira kapu, mukayang'anenso pansi. Mukayang'anenso ya woyandikana nanu."

"Mukufuna kuyambana ndi amayi anu?"

"Tinayambana kale, za ukwati."

Anaseka, mano otsalawo ali poyera, natambasula dzanja lonyowa. Ndinaligwira. Ndisaname: nditangokhota pakona ndinatulutsa kabotolo kanga ka mankhwala opha majeremusi n'kudzipaka mpaka m'zigongono, ndikudzitukwana.

Pakashopu ka zodzoladzola ka pafupi ndi siteji ya basi ndinasanthula timabotolo tonse, ndikuunika kalikonse kudzuwa. Wofiira alipo wamitundumitundu, ndipo ine ndinkafuna weniweni uja wa mayi wa kwaya.

"Asisi, umenewo ndi wa azimayi akuluakulu," anatero wogulitsa. "Inu tengani wapinki, mupeze banja."

"Ndipatseni womwewu. Ungakwane madontho makumi asanu ndi awiri kudza asanu ndi anayi?"

"Muli ndi zala zingati, asisi?"

Anandikulungira m'kapepala. Loweruka mayi amapita kukasesa kutchalitchi m'mawa wonse, ndipo kiyi wa kabati amamusiya pansi pa wailesi. Ndinakafumbata kabotoloko m'dzanja lomwe lija, lonunkha mankhwala, n'kulunjika kunyumba.