Nsalu ya amalume

Fungo la phula lotentha limandibwezera ku Al Duhail, dera la mumzinda wa Doha, mpaka lero. Linkabwera ndi bambo madzulo, litakakamira m'nsapato ndi m'malaya, chifukwa anali injiniya wa misewu ndipo ankaswera pamene akuthira phula. Mayi, amene anali namwino, ankaletsa nsapatozo kulowa m'nyumba, koma ine ndinkazinunkhiza mobisa pakhomo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ku Malawi ndinachokako ndisanadziwe kanthu, choncho ndinkayesa kuti msewu uliwonse padziko ndi wakuda, wosalala, wa magetsi mbali zonse.

Chaka chimenecho, kutentha kutangoyamba, mphepo ya fumbi ikugwedeza mawindo, kunafika phukusi lochokera kumudzi kwa mayi. Munali nsalu zitatu, nkhope ya amalume a Lyson itadindidwa paliponse. Amalumewo, achimwene awo a mayi, ankapikisana nawo pa mpando wa phungu wa Nyumba ya Malamulo. Pempho lawo linali lakuti tivale nsaluzo, tijambulitse, ndipo mayi atumize mawu pa foni ouza anthu kuti awavotere. Ife okhala kunja sitinkavota, koma mawu athu ankaulutsidwa pa chimkuzamawu pamsika, ndipo anthu ankawamvera mopitirira muyeso.

Ine chimwemwe chinali chodzaza tsaya. Ndani winanso m'kalasi mwathu anali ndi malume wa pansalu? Ndinkaifunda pogona, ndinkaivala poonera TV, mpaka bambo ankandiseka kuti kampeni yonse ya ku Doha ndine ndekha. Koma mayi yawo sanaikhudze. Inangokhala pamwamba pa firiji, yopindapinda mmene inabwerera.

Ndinkatchera khutu kwambiri masiku amenewo, ndipo pang'onopang'ono ndinatola nkhani yake. Amalume ankalonjeza mipira ya achinyamata ndi mabokosi a maliro. Wopikisana nawo, Mayi Nambewe, mphunzitsi wopuma pantchito, ankanena chinthu chimodzi chokha: adzamenyera kuti ndalama za misewu ya m'midzi zizifika, msewu wopita kuchipatala uthiridwe miyala, pamtsinje pamangidwe mlatho. Amalume ankamuseka pamisonkhano kuti munthu sadya msewu. Mayi anga ankagwirizana ndi mphunzitsiyo. Koma amalume ndi amene anawalera makolo awo atamwalira, ndi amene ankawabereka powoloka mtsinje womwewo kupita kusukulu. Kukana pempho lawo kunali kuika ubale wonsewo pachiswe.

Bambo atafunsidwa maganizo anangokweza manja. "Ine ndine mkamwini, mayi a Tadala. Za road ndikhoza kufotokoza, koma za alamu, khalas, basi, decision ndi yanu."

Chimene chinkandizunguza ine chinali china. Msewu ungavute bwanji? Lachisanu lina, tsiku lopuma, ndinawaumiriza bambo ndi mafunso mpaka anatenga beseni lochapira, nakhuthuliramo dothi la mu mphika wa maluwa a mayi. Analisalaza ndi dzanja, nandiuza kuti ndiyendetsepo kagalimoto kanga kapulasitiki. Kanayenda bwinobwino. Kenaka anathira madzi a m'ketulo pang'onopang'ono, akuti ndiyo mvula ya Januwale. Dothi linasanduka phala, matayala anamira, ndipo pamene ndinakankha, kagalimotoko kanangogona chammbali. Ndinali ndisanagwirepo matope chibadwire, poti mvula ya ku Doha inkangodontha n'kuuma. Ndinawafinya m'manja, ozizira, onunkhira bwino, ndipo ndinanena kuti anthu a kumudzi ndi amwayi.

Mayi anali ataima pakhomo la khitchini. Sanakalipe za maluwa awo. Anayang'ana kagalimoto kaja nthawi yaitali, kenaka anatenga foni n'kukhala pampando, ine manja adakali bii.

"Achimwene, ndati mumve kwa ine musanamve pamsika. Message ija ndijambula, koma si yanu. Mundikhululukire."

Zimene amalume anayankha sindinazimve. Ndinangoona mayi akugwedeza mutu, akuti "inde, achimwene," kangapo konse, mpaka foni inaduka. Anamwa madzi, anakonza kukhosi, nayamba kujambula. Anatchula dzina lawo ndi la mudzi wawo. Anati asanabwere kuno anagwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha kwawoko, ndipo nyengo ya mvula ankalandira amayi oyembekezera atanyamulidwa pa chitseko, ambulansi itakanika kutsidya. Ena ankafika atatha kale. "Bokosi ndi thandizo, sindikukana," anatero, "koma ine ndikupempha msewu, kuti mabokosiwo achepe. Voterani Mayi Nambewe."

Ndinakwiya nawo kwambiri. Madzulo amenewo ndinavala nsalu yanga dala pa nthawi ya chakudya, ndikuyembekeza kuti andivula. Iwo anangondikonzera mfundo yake paphewa kuti isagwe.

Mayi Nambewe anapambana, ndipo anthu ankati mawu a namwino wa ku Doha anathandizira. Mlatho unamangidwa patapita zaka, wopapatiza, wodutsa galimoto imodzi. Amalume sanaimbenso foni, ndipo ya mayi sankayankha. Tchuthi chilichonse tikapita kumudzi, tinkapeza atachokapo, akuti apita ku tauni.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti mayi anasankha mlendo chifukwa achimwene awo sankawakonda kwenikweni, ndipo ndinkadabwa kuti munthu angasinthanitse bwanji m'bale ndi miyala. Lero ndikudziwa kuti ankawakonda kuposa wina aliyense, ndipo ankadziwa bwino lomwe chimene adzataye asanakhudze foni ija. Amalume anamwalira ine ndili ku yunivesite, asanayankhulanenso ndi mayi. Mayi anapita kukalira maliro, ndipo anakhala pa mphasa ya kumbuyo, pamodzi ndi anthu odzapepesa.