Masitepe a Mayi Nsanja

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anthu amawatchula kuti Mayi Nsanja. Dzina lawo lenileni ngakhale ana anga salidziwa. Kwa zaka 26 ndiwo akhala akusunga kiyi wa nsanja yakale ya nyali imene ili pathanthwe, m'mphepete mwa nyanja yamchere kwathu kuno. Kale nyaliyo inkaunikira sitima zapamadzi kuti zisagunde miyala, ndipo woyatsa womaliza anali bambo awo, apongozi anga. Nyali itazimitsidwa, nsanja inasanduka malo okaona alendo. Ine ndimagulitsa tiyi ndi mabanzi pakhomo pake, ndiye zimene ndikunenazi si zongomva ayi.

Masitepe ake ndi 148, achitsulo, ozungulira ngati chigoba cha nkhono, ndipo mawindo ndi anayi okha. Alendo amabwera pabasi, ena panjinga, ena amayamba ayenda kaye kanjira ka m'mbali mwa madzi n'kufika nsapato zitadzaza mchenga. Alamu ankakwera nawo katatu pa tsiku. Ndiye mmene ankakwerera zaka zimenezo, abale inu! Mayi wamfupi, wathupi, kansalu kopukutira magalasi a nyali kali paphewa, koma alendo ankafika pamwamba ali wefuwefu, iwo atafika kalekale. Sankayankhula zambiri. Kuloza uku, kuloza uko, "Mwaona? Tiyeni titsike." Mphindi makumi awiri ulendo watha. Ine zinkandikomera, chifukwa munthu wotopa amamwa makapu awiri.

Bondo lawo lakumanzere linayamba kuwavuta zaka zitatu zapitazo. Sanauze munthu. Ndinangoona kuti alendo ayamba kuchedwa m'katimo, tiyi wanga n'kumazizira m'fulasiki. Tsiku lina zinandikwana, ndinafunsa mayi wina atangotsika kuti kodi mumakachitako chiyani nthawi yonseyi.

"Nkhani!" anatero mayiyo. "Amayi aja ali ndi nkhani, sungafune kutsika."

Nkhani? Alamu anga omwewa, amene moni amachita kuyankha ndi mutu? Mawa lake ndinatseka kathebulo kanga n'kulowa kumbuyo kwa gulu.

Pawindo loyamba alamu anaima, natsamira chigongono pakhoma, nayamba kufotokoza za sitima yonyamula matabwa imene inasweka pamiyala iwo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndi mmene nyanja inalavulira matabwawo kwa mwezi wathunthu, moti zitseko zambiri zakale m'mudzi muno n'zochokera m'sitima imeneyo. Alendo anali pakamwa yasa. Ine ndinkayang'ana pansi. Phazi lawo lakumanzere linali m'mwamba pang'ono, losagunda chitsulo, ndipo dzanja lobisika kumbuyo linkasisita bondo.

Poyamba malo oimapo anali anayi, mawindo aja. Kenako anakhala asanu ndi awiri. Mawindo atatha anayamba kuima pakhoma chabe. Apa pali msomali pamene bambo ankapachika jekete. Apa pali mwaye wa tsiku limene chitini cha parafini chinayaka. Apa pali chitsulo chopindika pamene mlongo wanga anagwetsera hamala ali mwana, bambo n'kumuthamangitsa mpaka kumadzi. Mlongo wakeyo ndi amuna anga, ndipo mpaka lero amakana. Chaka chatha malo oimapo anafika khumi ndi amodzi, ulendo n'kumatenga ola ndi theka. Koma ndinene chilungamo, palibe nkhani ngakhale imodzi imene anapeka. Zonse ankachita kufukula m'mutu, zinthu zimene sanazitchulepo chimwalirireni bambo awo.

Ine mtima wanga susunga mawu. Masana ena alendo atapita ndinawathirira tiyi n'kunena.

"Alamu, bondo limeneli."

"Bondo lanji?"

"Musandipusitse ine, ndili ndi maso. Mukabisa matenda maliro adzaulula."

"Inu gulitsani tiyi wanu," anatero, akuuzira m'kapu. "Lamulo la komiti yoyang'anira nsanjayi mukulidziwa. Wosunga kiyi ayenera kufika ndi alendo pamwamba. Akamva kuti sindikutha andilanda. Ndiye ndizidzuka m'mawa n'kupita kuti, mlamu? Amuna kumanda, ana kutauni. Ine ndinabadwira m'kanyumba ako kali kuseri kwa nsanjaku."

Ndinangowaonjezera tiyi m'kapu.

Chimene chinawagwetsa m'mavuto ndi kuchenjera kwawo komwe. Pakhomo pali buku limene alendo amalembamo maganizo awo, ndipo linadzaza ndi mayamiko okhaokha. Wapampando wa komiti, bambo wamimba amene ali ndi golosale pamsewu, analiwerenga lonse. Anabwera akumwetulira mpaka m'makutu.

"Mayi Nsanja, mwatikweza! Kuyambira mwezi wamawa tikuwonjezera mabasi awiri. Muzikwera kasanu pa tsiku. Ndipo Loweruka kukubwera mayi wa ku ofesi yoona za alendo, tikwere nanu kuti alembe nkhani zanu zonse."

Ketulo inatsala pang'ono kundipulumuka. Kasanu! Ndinayang'ana alamu kuti mwina anena. Iwo anangoti, "Zikomo, bambo," ngati awapatsa mphatso. Sabata yonseyo ndinawalalatira, ndinawanyengerera, ndinawaopseza kuti ndikanena ndekha. Anandiuza kuti ndikangoyerekeza, chibale chithere pomwepo.

Loweruka kunacha bwino, nyanja ili phee, ngalawa za asodzi zikubwerera kumtunda. Mayi wa ku ofesi anafika ndi kope ndi cholembera, munthu waulemu wake. Tinalowa anayi: alamu patsogolo, mayiyo, wapampando, ine kumapeto. Palibe anandiitana, koma palibenso akanandiletsa.

Zinayenda bwino ndithu. Sitima ya matabwa, msomali wa jekete, hamala ya amuna anga. Mayiyo ankalemba mofulumira, nthawi zina n'kuseka. Tinadutsa malo onse khumi ndi amodzi. Kunatsala masitepe makumi awiri okha kuti tifike pachitseko cha pamwamba, ine mtima n'kuyamba kukhala m'malo. Koma titangokwera asanu ndi limodzi, alamu anaimanso.

Pamenepo panalibe windo, panalibe msomali, panalibe ngakhale kabanga. Khoma loyera lokhalokha.

"Nanga pano pali nkhani yanji, mayi?" anafunsa wa ku ofesiyo, cholembera chili chire.

Mumtima ndinkati, namani alamu, namani kamodzi kokha, Mulungu akhululuka. Nenani kuti apa bambo anayetsemulapo. Tinkangomva mbalame zam'nyanja zikulira kunja. Alamu anayang'ana khomalo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati akufunafuna. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kukhala pasitepe.

"Pano palibe nkhani, mayi. Pali bondo."

Anafotokoza zonse, osalira, osadzichepetsa. Anati nkhani zimene mwalembazo n'zoona, mukhoza kufunsa aliyense wachikulire, koma chimene chimandiimitsa si nkhani. Anati kasanu sindingathe, katatu komwe sindikutha. Anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kuchiika pamwendo pawo. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo ndinakwiya nayo misoziyo.

Wapampando anapukuta thukuta ndi chipewa. "Mayi Nsanja," anatero, mawu akudukaduka, "ine nthawi iliyonse mukaima ndimathokoza Mulungu. Ndimaganiza kuti mukuimira ine."

Tinaseka tonse, ngakhale alamu. Mayi wa ku ofesi anatseka kope lake n'kunena kuti kumalo ena akale amene amayendera, alendo amakwera okha, khumi pa ulendo, bola pakhale chingwe cholimba chogwira m'mbali. Nkhani zikhoza kunenedwa pansi asanalowe. Kiyi akhale ndi mwini wake. Koma ananenanso mosabisa kuti ofesi singalole munthu wa bondo lotere kukweranso masitepe amenewa, chifukwa akadzagwa adzagwa ndi anthu a kumbuyo kwake. Wapampando anavomera zonse ziwiri.

Alamu anabweza chingwe m'khosi. "Ndiye mundilole ndimalize a lero."

Awiriwo anatsika. Masitepe khumi ndi anayi otsalawo tinakwera iwo atagwira phewa langa, limodzilimodzi. Pamwamba anapukuta magalasi onse kuzungulira, ngakhale anali oyera kale. Anatuluka pakhonde lachitsulo, mphepo ikukupiza mpango wawo, nayang'ana nyanja, minda, msewu, denga la nyumba yawo. Sanandilozere kanthu, inenso sindinafunse. Potsika anatsika chokhala, sitepe ndi sitepe ngati mwana wophunzira kukwawa, ine patsogolo kuti wina akalowa asawaone.

Tsopano papita miyezi isanu ndi itatu. Komiti inawakhomera benchi pafupi ndi kathebulo kanga, pamthunzi. Basi ikafika amatsegula chitseko, amakhazika alendo pamiyala, amawafotokozera, kenako amawawerenga khumikhumi polowa. Bondo likupezako bwino. Tiyi wanga akuyenda kuposa kale. Kunena zoona palibe chodandaula, ndipo ndikayamba kudandaula iwo amandiletsa.

Koma alendo atsopano sadziwa kanthu. Dzulo mayi wina wa chipewa chachikulu anatsika nkhope ili ngwee, nathamangira pabenchi n'kuwagwira dzanja.

"Amayi, inu mumangokhala pansi pano? Tsiku lina mudzalimbe mtima mudzakwere. Simungakhulupirire mmene kukuonekera kumwambako!"

Ndinaika kapu pansi kuti ndimuuze mayi ameneyu kuti akuyankhula ndi ndani. Alamu anandiponda chala ndi phazi lawo labwino lija, osandiyang'ana n'komwe. Anasendera kumapeto kwa benchi, napukuta pokhala ndi dzanja.

"Eti?" anatero. "Takhalani apa, mwanawe. Tandiuzani bwinobwino, mwaonako chiyani lero?"