Mdala Wozula Maungu Padzala

Kuseri kwa mapuloti atsopano ku Chalimbana kuli dzala lakale, ndipo amene amalisamala, popanda womutuma, ndi mdala wina yemwe kale ankalima maluwa ku Kasisi. M'mawa uliwonse amakankha wilibala ya dothi lofiira, kukwirira zinyalala, n'kubzalapo udzu wa vetiva ndi nsungwi. Akuti mizu yake imagwira dothi, imayamwanso zoipa. Ukamufunsa kuti adzamaliza liti, amangoti, "Nthaka ikali kudwala."

Anthu amamuseka chifukwa maungu akamera okha pamenepo, obiriwira mochititsa kaso, iye amawazula.

Tsiku lina anapeza a Doris, mayi wa ana anayi, atadzaza chitenje ndi masamba a maunguwo.

"Ba tate, ku nyumba kulibe ndiwo," anatero mayiyo. "Muzanikaniza chibwabwa chomera cheka?"

Mdalayo anakumba patsinde, n'kuvumbula mabatire owola atakulungidwa ndi mizu. A Doris anakhutula chitenje chija pansi.

Atatero, mdalayo anawatengera kukadimba kake, n'kuwathyolera chibwabwa chonse chimene chinalimo. Tsiku limenelo iyeyo nsima anadyera mchere.