Mpunga wa aNangozo unaumira pa pepala langa

Inu owerenga, ine ndinaumitsa mpunga wa mayi wamasiye osapondamo m'munda mwake. Ndinauumitsa ndi mabokosi ndi mivi ya papepala, ndipo mpaka lero nkhaniyi siindipatsa mpata wokhala pansi.

Kwathu ndi ku Champiti, m'boma la Ntcheu. Ku koleji ndinkaphunzira za makompyuta, ndipo phunziro la pamtima panga linali lojambula kayendedwe ka ntchito. Musanapange pulogalamu mumayamba mwafunsa eni ntchitoyo kuti amayamba chiyani, kenako chiyani, n'kuzijambula. Bokosi ndi chochita, muvi ukusonyeza kumene ntchito ikulowera, ndipo pamene pali funso la eya kapena ayi njira imagawikana pawiri. Opanga pulogalamu amatsata chojambulacho monga mmisiri amatsatira pulani ya nyumba. Aphunzitsi athu ankabwereza mpaka kutitopetsa kuti tisamangofunsa, tizikhala nawo anthuwo n'kuona ndi maso, ndiponso tizifunsa kuti nanga zikapanda kuyenda chonchi zimatani. Ndinkalemba mawuwo, koma mtima uli kale ku Lilongwe, pa mpando wozungulira.

Chaka chomaliza ananditumiza kukaphunzira ntchito ku kakampani kena. Kakampaniko kanali katalandira pempho la kagulu ka alimi kumunsi ku Bwanje, mabanja amene anadzikumbira okha ngalande n'kumasinthana madzi a mpunga. Alimiwo ankakangana za masiku othirira, ndiye anafuna kuti foni ndiyo izigawa: iziuza mlimi tsiku lake, iziuzanso wotsegula madzi kuti lero ndi munda wa ndani. Abwana anati poti ndine mtsikana wa ku Ntcheu, ndipite ndine.

Ine mwana wa kumapiri, kutentha kwa kuchigwa kunandibalalitsa mutu. Ndinafika thukuta lili kamukamu, ndikuganiza kale za ulendo wobwerera. Akomiti anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, ine kufunsa, iwo kuyankha, cholembera chikuthamanga. Anadandaula kuti ena amapita kumsika pa tsiku lawo madzi n'kumangotayika. Pamenepo ndinagawa njira pawiri. Mlimi akayankha uthenga, madzi apite kwake. Akapanda kuyankha, apite kwa wotsatira. Nditawaonetsa pepalalo onse anagwedeza mitu, wapampando n'kunena kuti mwana wawo waphunzira ndithu. Mukudziwa inu kuti kwathu mlendo satsutsidwa pagulu, makamaka atanyamula laputopu. Inenso ndinkadziwa, koma kuvomera kwawoko kunkandipatsa njira yokwerera kabaza dzuwa lisanapendeke. Wotsegula madzi anandipempha kuti ndigone, m'mawa tiyende limodzi m'mbali mwa ngalande. Ndinanamizira mayeso.

Pulogalamu inayamba, mikangano inachepa, abwana anandiyamikira pamaso pa anzanga. Ndinkayenda ngati pansi sindipondapo. Kenako tsiku lina wapampando uja anaimba foni, mawu ali otsika, kundipempha kuti ndibwere ndidzaone ndekha.

Bambo wina wa m'gululo anali atamwalira atangomaliza kuwokera mpunga. Mkazi wake, aNangozo, sakanatha kupita kumunda asanamete, monga mwa mwambo. Foni imene tinalembetsa inali ya malemuwo, ndipo anaitsekera m'sutikesi pamodzi ndi zovala zawo, kudikira kuti abale adzakhale pansi pa za katundu. Uthenga unkapita m'sutikesimo. Yankho kulibe, madzi n'kumadumpha munda wawo monga ndinajambulira ine.

Kale zoterezi sizinkafuna ndi msonkhano womwe. Pakagwa maliro wotsegula madzi ankangotsegulira munda wa anamfedwa, oyandikana nawo n'kuwathiririra. Palibe anandiuza, chifukwa ndani angauze mwana wa ku Ntcheu za maliro? Koma tsopano komiti inali italamula wotsegula madziyo kuti azitsata foni basi, asamakondere. Alimi anzawo aliyense ankangoyang'ana uthenga wake. Ena anaona kuti tsiku lawo likubwera msanga, anangokondwa osafunsa. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mwambowu ndimaudziwa. Mayi anga omwe anakhalapo m'nyumba chimodzimodzi bambo atatisiya. Kungoti sindinaganizepo kuti maliro angakhale ndi malo pa pepala la kukoleji.

Munda wa aNangozo ndinaupeza utang'ambika ming'alu yolowa dzanja, mpunga utafiira, pamene minda ya m'mbali inali yobiriwira. Kuchoka kumundako wapampando ananditsogolera kunyumba kwa aNangozo. Anatiyalira mkeka, mpango uli kumutu, natilonjera bwinobwino. Ndinayamba kufotokoza za chojambula, mawu akungosokonekera. Kenako aNangozo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi foni ija, imene abale anali atawasiyira. Atailumikiza kumoto, mauthenga onse anangokhuthuka, uliwonse ukulonjera malemuwo ndi dzina lawo n'kuwapempha kuti ayankhe. Malonje amenewo ndinalemba ndine, pofuna kuti makina azimveka aulemu.

"Mwanangu, za mpungazo zapita," anatero. "Koma muwauze makina anuwo kuti abambo anatisiya. Asiye kuwaitana."

Ndinalira pamkeka pa eni maliro, manyazi ali tho.

Ulendo uno ndinagona. Ndinayenda ndi wotsegula madzi, ndinakhala ndi amayi a m'gululo padera popanda akomiti, ndipo chojambula changa chowongoka chija chinadzaza mivi yokhotakhota: pakagwa maliro, munthu akagonekedwa kuchipatala, foni ikathima. Tinaika lamulo lakuti madzi asadumphe munda munthu asanapite kukaona mwini wake. Pulogalamu inakonzedwa. Koma mpunga wa aNangozo sunadzukenso, ndipo chaka chimenecho anakolola m'minda ya eni pa ganyu, ana ali pambuyo. Ine ndinakhoza mayeso bwino lomwe, koma satifiketiyo ndimalephera kuipachika.

Inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, kuthamanga sikufika. Anthu akamagwedeza mitu pamsonkhano musati mwamaliza, akukulemekezani chabe. Zimene aliyense amazidziwa ndi zimene palibe angakuuzeni, ndipo makina sadzazidziwa mukapanda kuzijambula inu. Gonani kumeneko, dyani nawo, yendani nawo kumene ntchito imachitikira. Pa muvi uliwonse wolembedwa kuti ayi, imani kaye mufunse kuti amene sanayankheyo ali kuti. Mwina si ulesi. Mwina ali m'nyumba akulira mwamuna wake.