Ankhoswe M'chipinda cha Adokotala

Zaka zinayi zinatha ndili pabanja popanda mwana, ndipo m'mudzi mwathu ku Mavwere aliyense anasanduka sing'anga wanga. Ndinamwa mizu ya kudambo, ya kuphiri, ina yochokera ku Chipata yokulungidwa m'nyuzipepala. Ndikakumbukira kuwawa kwake, mpaka lero malovu amadzadza m'kamwa. Amuna anga sanalaweko ngakhale dontho. Iwo ankangowapatsa mtedza wauwisi ndi chinangwa kuti mphamvu zisathe.

Chinkandipweteka kwambiri chinali dzina. Anzanga onse ankaitanidwa kuti amake uje, ine ndekha ndikuitanidwabe dzina lapaubwana ngati mwana wasukulu. Kenaka mphekesera zinandipeza kuchigayo zoti amalume awo a amuna anga, omwenso anali ankhoswe akuchimuna, awapezera kale mtsikana wina kumalire. Ndinadziwa kuti banja langa latsala pang'ono kutha, ndipo ndinachita mantha.

Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ndinapita ndekha kukachipatala kakang'ono ka kwathu. Namwino atamva nkhani yanga anagwira pakamwa.

"Mayi, chaka chikatha muli limodzi, simukulera, mimba osabwera, mumayenera kubwera kuno. Inu zaka zinayi mukudya mitengo? Komanso nkhaniyi sayeza munthu mmodzi. Katengeni amuna anu mupite kuchipatala chachikulu ku Lilongwe."

Amuna anga sanakane. Koma kwathu nkhani ya banja siyenda popanda ankhoswe, choncho tinakwera matola anthu anayi: ife awiri, amalume awo atavala jekete lomwe anavala paukwati wathu, ndi azakhali anga, ankhoswe akuchikazi, atapanira nkhuku m'khwapa yokathokozera adokotala. Nkhukuyo mlonda anaitsekereza pageti, koma ankhoswe analowa mpaka m'chipinda, n'kukhala pamipando yomwe anatiikira ifeyo.

Adokotala anayang'ana amuna anga. "Bambo, pa sabata mumakhala malo amodzi kangati?"

"Tsiku lililonse," anayankha amalume. "Mtundu wathu sitigwa mumpapaya."

"Bodza limenelo!" anatero azakhali. "Nthawi ya fodya mkamwiniyu amagona kuchigafa."

"Ndikufunsa eniake," anatero adokotala.

Amalume anayankha, "Ino ndi nthawi ya matipate, adokotala. Aliyense ali ndi ufulu wolankhula. Komanso mwanayu pakamwa pake ndine."

Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika ndilowemo. Adokotala atandifunsa za masiku anga akumwezi, azakhali anayamba kuwerenga zala, ndipo chodabwitsa sanaphonye. Atafunsa ngati amuna anga anadwalapo matsagwidi, iwo ananong'ona kuti anadwala ali mnyamata wamkulu kale, kutupako n'kutsikira kumusi. Amalume anati zimenezo n'zam'masaya, tisasokoneze mlandu.

Ine ananditenga magazi, n'kundiunika m'mimba pa kanema, tsiku lina n'kudzajambula njira za mazira atathiramo mankhwala kuti aone ngati zinatsekeka. Amuna anga anangowapatsa kabotolo koti akathiremo umuna. Amalume anakalanda, n'kukayang'anitsitsa pawindo.

"Kameneka? Mwana wa mlongo wanga? Mulibe kachigubu?"

Ngakhale namwino wa nkhope yolusa yemwe anali m'chipindamo anathawira panja kukaseka.

Tsiku lokamva zotsatira adokotala anali atachenjera. Anatilowetsa awiri, n'kutseka chitseko ankhoswe ali pakhonde. Anati kwa ine sanapeze vuto. Mbewu za amuna anga n'zomwe zinali zochepa, zoyendanso mofooka. Anati alipo mankhwala oti tiyesere, koma sangalonjeze kanthu.

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzavina chimtali mpaka fumbi kobo. Koma nditaona amuna anga atazyolika, akupotokola chipewa m'manja, chisoni chinandigwira.

Tikutuluka amalume anaimirira. "Eya, wapezeka ndani?"

"Ndine, amalume," anatero amuna anga. "Mtsikana wanu uja mukamuuze asadikire."

Amalume anati makinawo ayenera kuti ndi akale, anatha ntchito nthawi ya chipani chimodzi. Azakhali anangokonza duku, n'kumaimba nyimbo yakutchalitchi njira yonse, mokweza ndithu.

Titafika kumudzi ndinapita kukatunga madzi. Pobwerako ndinapeza amuna anga atapinda bulangete lawo, akulimangirira panjinga pamodzi ndi khasu. Paja anali mkamwini, mudzi unali wakwathu.

"Mayi," anatero osandiyang'ana, "mwavutika kokwanira chifukwa cha ine. Mukati ndizipita, ndipita. Mupeze wokupatsani mwana."

Ndinatula ndowa, n'kumasula lekeni panjingapo.

"Ndiye ndikhale wopanda mwana, wopandanso mwamuna? Mwandiona wopusa eti, bambo?"

Anayamba kuseka, koma kusekako sikunapite patali. Anakhala pansi pompo pafumbi n'kulira, ine nditagwira njinga kuti isagwe.