Chubu cha Ziro

Pamene a Dokotala ankayamba ntchito payunivesite, Mayi a kulabu anali atatsuka kale machubu kwa zaka zisanu. Anawaona akulowa ndi chikwama chodzaza mabuku, tsitsi lidakali lonse, akufunsa komwe kuli bolodi. Labu inalibe bolodi. Mayi anakaipempha, n'kuikhomera okha pakhoma.

A Dokotala anali munthu wa masamu, koma masamu awo sankawapereka kwa kompyuta. Ankati DNA, timaulusi tosaoneka ndi maso tomwe timasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse, tikhoza kuwerengera. Ukadula tizidutswa take mwaluso n'kutisakaniza m'madzi, kalikonse kamafunafuna kanzake koyenerana nako, ndipo unyolo umene wapangikawo ndiye yankho la samu. Pabolodi zinkakoma zedi. Koma tsiku limodzi lokhalo limene a Dokotala anagwira kachipangizo kodonthetsera, anadonthetsera pansapato. Kuyambira pomwepo iwo ankalemba, Mayi n'kumachita.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinatha choncho. Mapepala a kafukufuku anatuluka asanu ndi atatu m'magazini a akatswiri, dazi linamera, a Dokotala anakwezedwa kawiri. Kumapeto kwa pepala lililonse ankathokoza akazi awo ndi bungwe limene linapereka firiji. Mayi ankaiwerenga mizere imeneyo poika mapepalawo mufayilo, poti fayilonso ankasunga ndi iwo. Kutaipa kunali kwawo, tiyi wa alendo anali wawo, ngakhale kukumbutsa a Dokotala kuti lero akatenge ana kusukulu.

Kawiri konse anapempha kuti dzina lawo liikidwe papepala. Sikunali kufuna kutchuka. Malamulo ankati udindo wa mkulu wa labu sapatsa munthu amene dzina lake silinaonekepo pa kafukufuku.

"Tiona, Mayi," ankatero a Dokotala. "Pepala likubwerali."

Amuna awo a Mayi ankati akawaona akuvula nsapato pakhomo, "Bwanji, a Tiona aja afika lero?"

Pepala lachisanu ndi chinayi ndi lomwe likanawapatsa a Dokotala upulofesa. Mwezi womwewo mkulu wa labu anapuma pantchito, malo ake n'kulengezedwa. Mayi anayang'ana tsamba loyamba la pepalalo, dzina linali limodzi ngati kale.

M'mawa wina a Dokotala analowa m'labu osagogoda, kalata ili m'manja. Inachokera kwa mkonzi wa magazini. Akatswiri a labu ina anatsatira njira ya m'pepalalo ndime ndi ndime, koma anangopeza madzi opanda yankho. Mkonzi anapereka milungu iwiri yoti afotokoze, apo ayi pepala silituluka.

"Nsanje, Mayi. Anthu awa ndi nsanje basi. Samu yanga ndaibwereza kasanu, ilibe cholakwika."

"Samu ilibedi," anatero Mayi, akupukuta tebulo.

"Ndiye vuto lili pati?"

"Machubu anawawerenga bwanji?"

Mayi anaika kansalu pansi, n'kuwafotokozera pang'onopang'ono ngati akulangiza mlendo njira. Anthu ena a masamu amayamba kuwerenga pa ziro. A Dokotala akalemba kuti chubu 1, amatanthauza chachiwiri pamzere. Koma munthu wa m'labu aliyense padziko pano akaona 1 amatenga choyamba. Akatswiri a labu ina aja, ndime ndi ndime, ankathira chubu cholakwika.

"Aa, n'zosavuta. Tingowauza kuti ayambire pa ziro."

"Zikanakhala choncho bwenzi zili bwino. Koma inu mukatopa, makamaka Lachisanu, mumayambira pa wani ngati anthu ena onse. M'pepala ili ndime zina n'za ziro, zina n'za Lachisanu."

"Inu mumadziwa bwanji?"

"Mukatopa zilembo zimapendekeka."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinakuuzani chaka choyamba. Munati ziro ndi nambala yofunika ulemu."

Mayi anatsegula dilowa n'kutulutsa kope lachikuto chong'ambika. Munali ndime iliyonse monga momwe inachitikiradi, chubu ndi chubu, ndi tsiku lake. A Dokotala anatambasula dzanja. Mayi anasanjika lawo pamwamba pa kopelo.

"Kope ili n'la munthu amene dzina lake lili papepala."

"Mayi, zimenezo n'zokambirana panopa? Nyumba ikupsa."

"Yanga yakhala ikufuka kalekale, a Dokotala. Kalata zofunsira udindo uja atseka kumapeto kwa mwezi."

A Dokotala anazungulira tebulo kawiri, akusisita dazi. "Mukudziwa, olemba pepala amakhala amene apereka nzeru."

"Chabwino. Atumizireni nzeruzo."

Mayi anabweza kope mudilowa, n'kuvala magolovesi, n'kutsegula mpope. Machubu anawatsuka monga mwa masiku onse, chimodzichimodzi. Kumbuyo kwawo anamva mpando ukukokedwa, kompyuta ikuyatsidwa, zala ziwiri zikujompha. Kenako zii.

"Mayi."

"Ndikumva."

"Dzina lanu... lenileni, la pachitupa. Timalemba bwanji?"

Mayi anatseka mpope. Mawu amene anabwera kukamwa sanali oyenera m'labu, choncho anawameza. Anavula golovesi imodzi, napita pakompyuta, a Dokotala n'kusendeza mpando. Analemba dzina lawo lonse, ndi lapakati lomwe, pafupi ndi la a Dokotala.

A Dokotala analiwerenga mokweza, akulawa chilembo chilichonse. "Dzina labwino ndithu. Ine ndimayesa ndinu a uje."

Mayi sanafunse kuti uje wake uti. Anadikira mpaka kalata yodziwitsa mkonzi za dzina latsopanolo itapita, iwo akuona ndi maso awo. Atatero anatulutsa kope lija, n'kuwauza a Dokotala kuti alibweze pofika Lachitatu, masamba onse alimo.