Tsiku limene mashini ya ba mulamu inakana kutaya madzi

Ine vuto langa ndi manja. Pakamwa naponso pali vuto, ndikudziwa, koma manja ndi amene anandifikitsa pa chenjezo lomaliza. Titasamuka ku Nangongwe, ine ndi amai, kudzakhala kwa achimwene ku Estates, mwezi woyamba ndinatsegula rimoti ya geti kuti ndione mkati. Wachiwiri ndinatsegula ketulo. Rimoti inachira, ketulo sinachire. Ba mulamu, akazi a achimwene, anandiitanira pakhonde.

"Iwe mulamu, chinthu chimodzi futi ukaononge, chimodzi chabe, uzabwerera ku Nangongwe ukankhale na amalume bako."

Pakamwa ankaseka, koma m'maso munalibe nthabwala. Kwa amalume chipinda ndi cha anthu anayi, soketi imodzi, intaneti kulibe. Ine zonse zimene ndimadziwa, kusintha sikirini ya foni, kuotcherera mawaya, ndinaphunzira pa foni, pa waifai ya nyumba ino. Kubwerera kumeneko n'kundidula manja omwewo.

Manje ba mulamu ali ndi mashini yotsukira mbale. Anaigula yakale kwa munthu wina amene ankasamuka, ndipo anzawo a ku tchalitchi amachita kubwera kudzaiona ikugwira ntchito. Amadina ndi iwo okha. Koma Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuotcha ngati lakwiya, anavala zopita ku kicheni pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ku Lusaka, n'kundiuza ali pakhomo kuti, "Mukasiliza kudya, udine apa. Batani imodzi iyi. Osati ziwiri."

Ndinadina imodzi. Ndikulumbira, imodzi.

Patapita ola ndinamva ikulira, piii, piii, kagetsi kofiira kakuphethira. Kutsegula chitseko, madzi ali phaa pansi, otuwa, ofunda, timpunga tikuyandama pamwamba. Fungo la nsomba ndi sopo. Ndinatseka, ndinatsegulanso, ngati mwina asintha maganizo. Anali pomwepo.

Amai anali pa mpando wa kukhitchini akusankha nyemba mu lichero. Anangotukula maso pang'ono.

"Zisiye zimenezo, mwanawe. Eni ake akabwera aona."

"Akabwera aona ine, amai."

Foni m'manja. Vidiyo yoyamba, mzungu wandevu, khitchini yake yaikulu ngati kalasi, ati zimitsani kaye magetsi, chotsani madzi, yang'anani sefa. Ndinazula pulagi. Ndinatunga madziwo ndi kapu kuthira mu beseni, kutunga, kuthira, bondo likupweteka, thukuta likugwera momwemo. Sefa ili pansi pakati, imazungulira n'kutuluka. Ndinapezamo minga ya nsomba, khungu la tomato, ndi kachidutswa ka pepala la pabotolo. Ndinaseka ndekha, n'kumati basi, ndi izi. Ndinatsuka ndi mswachi wakale, kubwezera, kuthira madzi pang'ono, kuyatsa. Mashini inang'ung'udza, hmmm, hmmm, ngati munthu wofuna kulankhula atatseka pakamwa. Kenako piii, piii.

Vidiyo yachiwiri, mnyamata wa ku India, wothamanga polankhula kuposa ine. Ati ngati sefa ili bwino, tsegulani kachivundikiro ka pampu, mwina mwalowa galasi losweka. Iye anakanyamula ndi supuni, kosavuta, akumwetulira. Ine ndinatenga supuni, kukanikiza pamene anakanikiza iye, ndipo ndinamva tsa. Kadzino ka pulasitiki kamene kamagwira chivundikirocho kanali m'manja mwanga.

Ndinakhala pansi pa matailosi. Chinthu chimodzi chija ndi chimenechi. Ndipo pampuyo inalibe ngakhale mlandu, ndinaizungulitsa ndi chala, ikuyenda bwinobwino.

"Ndikuphikire tiyi?" amai anafunsa.

Tiyi, kutentha konseku. Ndikanayenera kudabwa pomwepo. Amai anga ndi munthu woti ukamakhoma msomali amakuuza kuti bambo ako sankakhoma choncho. Tsiku limenelo anali chete, akung'ung'udza nyimbo ya m'buku la ku tchalitchi, nyemba zomwe zija kuzisankha kachitatu. Koma mutu wanga unali pa foni.

Foni inanjenjemera. Ba mulamu: tanyamuka, ikani mpunga pa moto.

Vidiyo yachitatu sindinaimalize. Ndinangomva kuti paipi yotulutsira madzi, mwina yapindika, mwina yatsekeka. Ndinamasula masikulu awiri, kukoka mashini kuchoka pansi pa kabati, kugona chafufumimba ndi tochi ya foni. Akangaude, chivundikiro cha botolo, supuni imene tinaisaka kalekale. Paipi yotuwa yamakwinya inali bwino, yosapindika, ikulowa pabowo la khoma kupita panja. Ndinaigwira, yolemera, yodzaza madzi.

Nditadzuka kuti ndipite kuseri, amai anadzukanso.

"Ukupita kuti?"

"Kukaona kumene yatulukira."

"Kuli dzuwa kumeneko."

Kuseri kwa khitchini kuli kangalande ka simenti kamene madzi a mu sinki amagweramo. Paipi ya mashini imayenera kuthera pomwepo. Sinathere pomwepo. Munthu wina anailumikiza ku paipi yakuda yothirira dimba, n'kumanga ndi malegeni, mfundo zolimba zimene ndinazizindikira, chifukwa ndi mmene timamangira mtolo wa nkhuni kwathu. Paipi yakudayo inayenda m'mbali mwa khoma, yobisidwa ndi njerwa ndi masamba ouma, mpaka pakona ya mpanda pamene pali nthochi. Ndipo kumapeto kwake kunali sokosi. Sokosi ya achimwene, yomangidwa pakamwa pa paipi, yofufuma, yolimba ndi mafuta ngati chikanda.

Ndinatembenuka. Amai anali kumbuyo kwanga, lichero likadali m'manja.

"Amai."

"Madzi onse aja kumangotaya? Pampopi akubwera m'mawa wokha, mwinanso osabwera. Madzi a m'migolo apongozi amawerenga. Ndiye nthochi imwe chiyani?"

"Nanga sokosi?"

"Mafuta asapite ku mizu. Ndimaichapa Lachitatu lililonse. Sabata ino ndinaiwala."

Nthochi imeneyo anabwera nayo kuchokera ku Nangongwe, kamphukira kokulunga mu saka, kuchokera pa tsinde limene bambo anabzala asanamwalire. Mu minibasi anakana kuti kondakitala aiike kumbuyo, anainyamula pamiyendo.

"Mbale sanditsukitsa, pali mashini. Kuphika ali ndi kaphikidwe kawo. Ndiye ndisiyenso ndi nthochi?" Anatsitsa mawu ngakhale panalibe wina. "Usawauze apongozi. Ine pano ndine mlendo ngati iwe."

Foni inanjenjemeranso. Ba mulamu: tapita pa Shimabala. Ndiye kuti atsala pang'ono kufika.

Ndinadula legeni ndi mano. Sokosi itachoka, madzi anatuluka ndi mphamvu, ofunda, onunkha, kundinyowetsa mpaka m'mawondo. Ndinamasula paipi yakuda, kuiponya kuseri kwa nthochi, kubwezera yotuwa mu ngalande, kuthamangira mkati. Kachivundikiro ka pampu ndinangokakhazika, kopanda dzino lake. Pulagi, batani. Madzi anatuluka, ndinawamva akugwa panja, ndipo ndinatsala pang'ono kuvina. Koma pansi pa mashini panayamba phokoso latsopano, kwetekwetekwete, kachivundikiro kakugunda.

Geti inatseguka phokosolo lili pakati.

Ba mulamu analowa nsapato zili m'manja, chitenje cha pate chikadali m'chiuno. Anayang'ana mashini ili pakati pa khitchini, masikulu pansi, beseni ya madzi akuda, ine wonyowa. Mpunga sunali pa moto.

"Ninakamba batani zingati?"

"Imodzi, ba mulamu."

"Manje ichi chongo ni chani?"

Sentensi imodzi yokha, yonena za amai ndi sokosi yawo, inali yokwanira kundipulumutsa, ndipo inali pa lilime. Amai anali atabwerera pa mpando wawo, maso mu nyemba.

"Inakana kutaya manzi. Ninatsegula pampu, nathyola aka." Ndinawaonetsa kadzino kaja.

"Chinatseka ni chani?"

"Mafuta."

"Kuti?"

"Mu paipi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika nsapato pansi, n'kutuluka chitseko cha kuseri osavala kanthu kuphazi. Ndinamva njerwa ikugubuduka. Ndinayamba kuwerenga m'mutu zimene ndinyamule, chaja, ayironi yootcherera, mabuluku awiri. Amai anasiya kuimba.

Ba mulamu anabwera atanyamula sokosi ija ndi zala ziwiri, patali ndi chitenje.

"Iyi sokosi ya bakulu bako naisakila mwezi wonse."

Anayang'ana amai, kamphindi chabe, ndipo amai sanatukule mutu. Ba mulamu anaponya sokosi mu bini, kusamba m'manja, kupukuta pang'onopang'ono chala chimodzichimodzi.

"Mulamu, mvera. Iyi mashini siizagwira nchito mpaka tipeze kachivundikiro kena. Uzakasakila wekha pa foni yako iyo. Mpaka kapezeke, mbale zonse ni iwe, na manja yamene aya yosamvera."

"Nanga ku Nangongwe?"

"Ukayenda ku Nangongwe azatsuka mbale ni ndani?" Anatenga nsapato zawo. Ali pakhomo la kolido anaima, n'kukweza mawu pang'ono, kuposa mmene ine ndinkafunikira kuti ndimve. "Na manzi ya mu beseni osataya mu sinki. Kwapya maningi na zuba. Ku kona kuja kuli vomera vofuna manzi."

Kachivundikiro kanatenga masabata atatu kuti kapezeke, kwa munthu wina wa mu Lusaka amene amaphwasula mashini zakufa. Masabata atatu a mapoto, foni nditaitsamiritsa pawindo, vidiyo ikuyenda, ine osatha kuidina chifukwa manja ali ndi thovu. Ndikamaliza ndinkanyamula beseni kupita kukona kwa nthochi, madzi akukhavukira pamapazi, amai akunditsatira kumbuyo.

"Osathira pa tsinde penipeni. Zungulira. Bambo ako sankathira choncho."